Pensulo ya pa Chingwe

Lachinayi, mvula ya ku Kettering ikungowaza
ngati yosafuna kunyowetsa, yosafunanso kusiya.
Ndaweruka shifiti ya usiku, manja akununkhirabe sopo
wa nkhalamba zisanu ndi ziwiri zomwe ndasambitsa.
M'thumba muli pasipoti ndi kapepala kopindapinda
komwe anaChisale anandilembera m'basi dzulo:
"Osataya voti, achemwali. Dhillon sapambana."

Ndikudziwa kuti sapambana.
Mwini wakenso akudziwa.
Koma ndi iye yekha anagogoda pa nambala 14,
navula nsapato pakhomo osauzidwa,
namvetsera, mpaka tiyi anazizira,
nkhani ya Lonjezo wanga:
kanayi chaka chino amuimitsa pafupi ndi siteshoni,
manja kukhoma, chikwama pansi,
mabuku a sayansi ali mbwee m'matope,
kenako "pepa mnyamata, wafanana ndi wina wake."
Kodi mwana wanga amafanana ndi ndani m'tauni muno
woti apolisi sanamupezebe mpaka lero?

Amene tikusankhayu sagwira wakuba,
sayendetsa galimoto ya saireni.
Amakhala pamwamba pa mkulu wa apolisi,
kugwira thumba la ndalama, kufunsa mafunso,
kapena kusafunsa.
Aneba ambiri sakudziwa n'komwe kuti kuli chisankho.
A Brenda a pa 16 anati, "Cha chiyaninso?" natseka windo.

Mayina atatu.
Ashworth, amene pepala lake linalowera pansi pa chitseko
likulonjeza kusecha kowirikiza,
pali chithunzi cha anyamata obisa nkhope m'zipewa,
koma manja awo ndinawaona khungu lake.
Pickering, mayi wa mawu ofunda ngati madzi otsala m'ketulo,
anabwera kutchalitchi kwathu kamodzi
nachoka nyimbo isanathe.
Ndiye Dhillon.

AnaChisale anawerengera pa zala, basi ikugwedera:
ulendo wathawu Ashworth anaposa Pickering ndi anthu ochepa,
osadzaza n'komwe bwalo la mpira.
"Mukapatsa Dhillon mwapatsa Ashworth. Masamu alibe chisoni."
Akuti kale pepalali linali ndi mizere iwiri,
wa mtima ndi wa mutu.
Anachotsa umodzi. Tsopano mtima ndi mutu
zikulimbirana kabokosi kamodzi kochepa ngati chikhadabo.

Mu holo ya tchalitchi mukununkha polishi ndi majasi onyowa.
Mtsikana wayang'ana pasipoti, wayang'ana ine,
watchula dzina langa molithyola pakati. Ndavomera.
Kuseri kwa kathabwa pensulo yamangidwa pa chingwe
ngati mbuzi ya munthu wosakhulupirira anzake.
Yafupika ndi manja a ena
amene anaimanso pompano akuluma mlomo.

Kwathu ndinavotapo, chala chinada ndi inki sabata yathunthu,
ndinaima pamzere kuyambira tambala woyamba,
ndipo ndinkati kuvota ndi kunena zoona.
Lero ndaphunzira kuti nthawi zina
ndi kutseka mpata wa mpanda
ndi chitsamba chilichonse chomwe chili pafupi,
ngakhale sunachibzale ndiwe,
bola fisi agone kunja.

Ndachonga Pickering.
Dzanja silinanjenjemere, ndipo zimenezo ndiye zandipweteka.

Panja Dhillon waima ndi ambulera yothyoka nthiti imodzi,
akuthokoza aliyense, ndi ongomudutsa omwe.
Wandizindikira. "Lonjezo ali bwanji? Mayeso ayandikira?"
Ndati ali bwino, ayamba Lolemba.
Wati zikomo pobwera.
Ndati zikomo, maso anga ali pa nsapato zake zonyowa,
zomwe zija anavula pakhomo panga.

M'basi foni yalira. AnaChisale: "Mwachita?"
Ndalemba "Eya," ndafufuta,
ndalembanso "Eya."

Kunyumba Lonjezo wasiya mbale m'sinki.
Jekete lake lachipewa palibe pa msomali.
Wapita kusukulu, wadzera njira ya kusiteshoni,
poti inayo ndi yozungulira.